Khutu la Achimwene ndi Mankhwala Odzuka ndi Kuwala

Ana anga, Grace, Tendai ndi iwe Madalitso, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Ndikulemba m'Chichewa mwadala, ngakhale ndikudziwa kuti mukawerenga mudzandiyankha m'Chishona monga mwa masiku onse. Za ubwana wanga ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma, ndazisiya. Amene akuzifuna akafunse amalume anu a Fackson, iwo ndiwo amadziwa kuthira mchere nkhani. Chimodzi chokha ndinene, chifukwa nkhani yonseyi yatsamira pamenepo: achimwene angawo anabadwa achialubino, ndipo bambo athu, amene anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza, anawapezera ntchito m'fakitale ya nsalu ku Kadoma kuti azikhala pansi pa denga, dzuwa lisamawapse.

Sanyati, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino inali pa kachipatala kakang'ono ku Sanyati, pakati pa minda ya thonje. Ndinapita pa basi yodzaza matumba a feteleza, njinga zili padenga, ndipo ndinatsika fumbi lili m'makutu momwe. Wamkulu wathu anali Sisita Hove, mayi wamtali wa mawu ngati belu la kusukulu. Asanandipatse moni anandigwira manja n'kuyang'ana zikhadabo. Kenaka anati, "Ndiwe mwana wa kwa Amanyasa? Zvakanaka, zili bwino. Anthu akwanu saopa ntchito. Tikuona." Ndinkawaopa kwambiri miyezi yoyambayo, koma anali iwo omwewo amene ankanditumizira sadza, nsima yakuno, ndi nyama ya mbuzi akaona kuti ndaonda. Anandiphunzitsa kubereketsa, kusoka bala la khasu, ndiponso kuyang'ana munthu yense kuyambira kumutu mpaka kuphazi ndisanatsegule kabati ya mankhwala.

M'kabatimo munalibenso zambiri. Tinali ndi jivi wopaka pazilonda, mapiritsi opha ululu ndi mabandeji amene tinkachapa n'kuyanika pa waya. Tsiku lina kunabwera bambo wachialubino pa njinga, mlimi wa thonje, ali ndi chilonda chachikulu pakhosi. Ndinachitsuka, ndinachipaka jivi, ndinamanga bwinobwino, ine ndekha n'kumva kuti ndagwira ntchito. Bamboyo atapita, Sisita Hove anandiitana n'kunena motsitsa mawu, "Esnart, ija ndi khansa. Inayamba ngati kankhanambo kosauka, kokhakhala ngati lilime la mphaka. Bwenzi atabwera kale." Tinamutumiza ku chipatala chachikulu, koma thonje la chaka chotsatira analikolola ndi ana ake. Kumapeto kwa mwezi umenewo ndinapita ku Kadoma, ndinawagulira achimwene chipewa chachikulu, iwo n'kumandiseka kuti ndikufuna azioneka ngati mzungu wa pa famu.

Kadoma, zaka za m'ma 1990

Atandisamutsira ku Kadoma ndinakumana ndi bambo anu, amene anabwera ndi chala chothyoka n'kumabwerabe chalacho chitapola kalekale. Zaka zimenezo zinali zokoma. Ndinkagwira m'wodi ya amayi, pansi pa metironi wina wokonda kuimba, amene ankati wodi yopanda nyimbo ndi mochare. Inu atatu munabadwa motsatizana, ndipo Lamlungu lililonse tinkadya kwa amalume anu. Koma chakumapeto kwa zakazo mafakitale anayamba kutsokomola. Makina ankazimitsidwa gawo ndi gawo, ndipo tsiku lina achimwene anabwera kunyumba masana, ovolosi ili paphewa. Anasamukira ku Chegutu, ku Chinengundu, kwawo kwa akazi awo, n'kuyala tebulo la tomato ndi anyezi pafupi ndi pokwerera makombi. Munthu amene bambo anamubisa pansi pa denga zaka zonsezo anali tsopano pa mtetete kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Chegutu, zaka zovuta zija

Nditamva kuti ku Chegutu kukufunika namwino, ndinapempha ndekha kupitako. Ndinafika nthawi imene inunso mukuikumbukira, m'masitolo muli mashelefu okhaokha. Magolovesi tinkawachapa. Magetsi ankabwera ngati mlendo. Anzanga ambiri anakwera ndege, ena mabasi a ku Botswana, ndipo sindiwadzudzula, aliyense anali ndi ana oti adyetse. Ine ndinatsala chifukwa bambo anu ankati mtengo wakale suwokeredwa.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinayambitsa Lachinayi la khungu. Ndinapempha kachipinda kakumapeto, n'kuuza achimwene kuti aitane anzawo onse achialubino a ku Chinengundu, ku Pfupajena ndi m'mafamu ozungulira. Mankhwala ndinalibe, koma maso ndi zala ndinali nazo. Ndinkawayang'ana kumaso, m'makutu, m'milomo ndi m'manja, n'kuwalalikira za dzuwa mpaka anandipatsa dzina lakuti Sisita Mthunzi. Amayi a kutchalitchi kwathu anatisokera zipewa ndi zidutswa za nsalu zimene anali nazo, ndiye mukanaona azibambo a ndevu zawo akuyenda m'tauni atavala zipewa za maluwa. Mafuta oteteza ku dzuwa ankabwera anthu akufuna kwabwino akatikumbukira. Tinkhanambo tokhakhala tija ndinkatipeza pafupifupi pa aliyense, ndipo ndinkadziwa kumene tina mwa ito tikupita, koma chochita panalibe kupatula kudikira kuti tikule tikafike pa mpeni.

Chegutu, zaka zanga zomaliza pa ntchito

Kenaka kunabwera Dokotala Marufu, mtsikana wamng'ono thupi, wa msinkhu wako iwe Grace, amene anaphunzira za khungu kunja n'kubwerera kwawo. Ankanditchula kuti "Mai", ine n'kumamutchula kuti "Dokotala", ndipo tinagwirizana tsiku loyamba lomwe. Lachinayi lina anthu atapita anatulutsa kabokosi kozizira, mkati muli timachubu tochepa ta mafuta oyera. Anati anzake amene anaphunzira nawo anamusonkhera.

"Mai, mafuta awa si odzola wamba," anatero. "Mukapaka pamalo pamene khungu layamba kuipa, malo oipawo amamwa kwambiri, khungu labwino limangolawa. Akalowa amangogona phee, sachita kanthu. Koma kuwala kukawagunda amadzuka, n'kupha malo oipawo kuchokera mkati. Kwinako akuyesanso njira yomweyi pa zilonda zosamva mankhwala, kuti kuwala kuziphe tizilombo. Iwo amagwiritsa ntchito nyale zofiira zodula. Ife nyale tili nayo yaulere."

Analoza pawindo. Ine ndinayang'ana panja, ndinamuyang'ana iye, ndinakhala pansi.

"Dokotala, mukunena dzuwa? Ine ndakalamba ndikuuza anthu awa kuti dzuwa ndi mfiti. Lero ndikawauze kuti tiyeni mukaothe?"

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenaka anandifotokozera bwino. Choyamba munthu amadzola mafuta oteteza, amene amatsekereza mphamvu yowotcha ya dzuwa koma kuwala kumadutsa. Kenaka timapala tinkhanambo pang'onopang'ono, timapaka mankhwala, munthu n'kukhala panja maola awiri, m'mawa, nyengo yozizira, pamthunzi wopepuka. Akatha amasamba n'kubisala m'nyumba. Ndiye anandigwira dzanja, nkhope itasintha. "Koma Mai, mumvetse ichi. Kuwala sikulowa patali. Kumagwira khungu lapamwamba lokha. Chotupa chimene chazika mizu si cha mafuta, ndi cha mpeni. Mukapaka pa chotero, pamwamba papola, munthu asangalala, pansi chikudya."

Titawauza anthu athu Lachinayi lotsatira, anayang'anizana modabwa. Mayi wina wa ku Pfupajena, amene ankabwera ndi mwana wake wamkazi Loveness, anaimirira atagwira m'chiuno. "Sisita Mthunzi, mwadwala kodi? Inu nomwe?" Achimwene anali pakona, anangokokera chipewa m'maso n'kunena kuti iwo aone kaye anzawo. Amene anatipulumutsa ndi Loveness. Anali mtsikana wosoka zovala, wa nthabwala, ndipo akuchimuna anali atapereka kale roora, malowolo aja, ukwati uli pafupi. Pamphumi ndi pamasaya pake panali tinkhanambo tambiri. "Amayi, khalani pansi," anatero. "Ine zithunzi za ukwati wanga sindikufuna ndioneke ngati chinangwa chosasenda bwino. Sisita, yambani ndi ine."

M'mawa umenewo wa mwezi wa Juni sindidzauiwala. Tinatulutsa mabenchi kuseri kwa wodi, pansi pa mtengo wa jakaranda umene masamba ake ankasefa kuwala. Anadzipereka anthu ochepa, ndipo anakhala mondondozana, nkhope zikunyezimira ndi mafuta, zipewa zili pamiyendo. Poyamba aliyense anali chete ngati pa maliro. Kenaka mdala wina wa ku famu, amene anagwirako ku migodi, anatambasula miyendo, anatseka maso n'kunena, "Chibadwire sindinaothepo dzuwa ndi chilolezo. Mushe sterek, kukoma zedi!" Chiseko chinaphulika. Loveness anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, amayi oyembekezera anasuzumira m'mawindo n'kuyamba kuvomera, wophika kukhitchini anatibweretsera tiyi osapemphedwa. Ena ankati kumaso kukunyerenyesa ngati nyerere zikuyenda, koma palibe anathawa.

Masiku otsatira ndiwo anali ovuta. Nkhope zinafiira, zinatupa, zinachita nkhanambo zoposa zoyamba. Dokotala anali atachenjeza, koma kumva ndi kuona n'zosiyana. Mai a Loveness anabwera mpaka kunyumba kwathu, mukukumbukira iwe Tendai unathawira kuchipinda. "Mwamuwononga mwana wanga! Akuchimuna akamuona ati chiyani?" Ndinawapatsa mpando ndi madzi, ndinawapempha kuti adikire, koma kunena zoona mtima wanga unali m'mwamba. Patapita masabata angapo Loveness analowa m'kachipinda kathu chipewa atachikokera mpaka pamphuno. Anaima pakati, anachivula pang'onopang'ono ngati akutsegula mphatso. Khungu linali see, losalala ngati la khanda. Mayi ake omwe aja ndiwo anayamba nthungululu, anandikumbatira mpaka kapu yanga ya unamwino inagwa. Kuyambira pamenepo mabenchi sankakwanira.

Chaka cha khutu

Chaka chotsatira Dokotala Marufu anapita kukabereka mwana wake woyamba, n'kundisiyira kiyi wa firiji ya mankhwala. Lachinayi lina anthu onse atatuluka, achimwene anatsalira. Anatseka chitseko okha. Anavula chipewa chija chokhala ndi nsalu zogwera m'makutu, chimene anali atayamba kuchikonda miyezi imeneyo, n'kutembenuza mutu.

"Mlongo, tandipakako mafuta ako aja. Ndaona kuti amagwira."

Pamwamba pa khutu lamanzere panali chotupa ngati mtedza, pakati pali kachilonda kotuluka magazi. Nditachigwira chinali gwa, ndipo sichinkasuntha ndi khungu. Ndinafunsa kuti chayamba liti, iwo anati kale pang'ono, ankaopa kundiuza chifukwa ndimakalipa. Ndinawauza kuti ichi si cha mafuta, n'chofunika opaleshoni ku Harare, ndipo mwamsanga.

"Ku Harare ayi," anatero. "Anzanga onse amene anapita kumeneko anabwera m'bokosi. Iwe kiyi uli naye. Paka basi, tione. Chikakanika ndiye tidzakamba za mpeni."

Ana anga, pa ntchito yanga yonse sindinaimepo pa mphambano yovuta ngati imeneyo. Firiji inali pambali panga, kiyi m'thumba. Ndikanapaka, achimwene akanatuluka akumwetulira, akanabwerabe kwa ine sabata ndi sabata, ndikanawasunga pafupi n'kumawanyengerera. Ndikakana, ndinkawadziwa bwino: akanatha kupita kwa aneneri a madzi ndi mchere, osadzapondanso pachipatala. Koma ndinkadziwanso kuti pamwamba pakapola iwo adzati achira, ndipo palibe adzawakwezenso kombi, chinthucho chikuyenda kulowera kukhosi. Ndinapemphera ndili chiimire, maso ali otsegula. Kenaka ndinati, "Achimwene, sindipaka."

Anavala chipewa n'kutuluka osatseka chitseko. Madzulo ake alamu, akazi awo, anabwera kunyumba maso ali psuu. "Anthu a m'misewu mukuwapaka, wa bere limodzi mukumumana. Unamwino wake ndi umenewu?" Sindinawayankhe mokalipa, chifukwa ndinkaona kuti ndi mantha amene akulankhula. Ndinaimbira Dokotala foni, mwana akulira kumbuyo kwake, ndipo anati ndachita bwino, alankhula ndi anzake ku Harare kuti atilandire tsiku lililonse limene tingafike. Koma wodwalayo anali atasiya kundiyankha moni. Lamlungu kutchalitchi ankakhala mbali ina.

Ndinaganiza, ndinaganiza, kenaka ndinatenga tchuthi changa chonse cha chaka. M'mawa ndinavala chitenje ndi duku, ndinanyamula kampando, ndinakakhala pa tebulo lawo la tomato. Sanandilankhule, nanenso sindinatchule za khutu. Ndinangoyamba kuitanira malonda. Anthu ondidziwa ankaima modabwa. "Sisita, ntchito yatha kodi?" Ine ndinkayankha mokweza kuti, "Ayi, ndili pa ntchito. Ndikudikira wodwala wanga." Makondakitala a makombi anaigwira nkhaniyo, ndiye aliyense akamadutsa ankakuwa, "Mudhara Fackson, muchiri pano, simunapitebe? Kombi ya Harare iyi!" Ndiponso ine malonda sindiwadziwa. Aliyense wogula mulu umodzi ndinkamuwonjezera mbasela ya tomato awiri, nkhalamba ikabwera atatu. Ndinkaona achimwene akuwerenga ndi maso tomato aliyense wopita ulere.

Tsiku lina dzuwa litapendeka anaphulika. "Iwe Esnart! Ukufuna kundipha ndi njala khansa isanandiphe? Tomato ameneyu ndimatola kutchire?"

"Ndichoka pano tikakwera limodzi kombi, achimwene."

Anayamba kusanja anyezi amene anali osanjika kale. Kenaka analankhula osandiyang'ana, mawu atatsika. "Ndikuopa, mlongo. Akandigoneka tulo tawo tija, ndikapanda kudzuka, ana anga atani?"

Ndinawagwira dzanja pamaso pa anthu onse. Ndinawauza kuti anzawo aja sanaphedwe ndi Harare, anaphedwa ndi kuchedwa, ndipo iwo nthawi akadali nayo, ngakhale si yambiri. Ndinalonjeza kuti nkhope yoyamba imene adzaione podzuka ikhala yanga, ngakhale siyokongola. Anaseka, misozi ili m'maso. "Tiye," anatero, "usanandithere katundu yense."

Anawadula theka la khutu lapamwamba. Podzuka anandipeza ndili pambali, anagwiragwira bandeji n'kufunsa, "Andisiyira pokoleka magalasi?" Sanawasiyire, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero magalasi awo amamangidwa ndi lasitiki kumbuyo kwa mutu. Patapita masabata madokotala anatiuza kuti chotupacho chinachoka chonse ndi mizu yake, sichinafike kukhosi. Alamu anagwada pakhonde la chipatala, anayamba kuimba, kenaka anandikumbatira m'miyendo osanena liwu lililonse la zakale, ndipo nanenso sindinazikumbutse. Bala litapola, nyengo yozizira itabweranso, ndinawapaka achimwene mafuta aja pa tinkhanambo ta pamphumi ndi m'manja, pamalo pamene ankayenera. Anakhala pa benchi pansi pa jakaranda ngati bwana, akuuza anzawo kuti iwo ndi okhawo amene analawa zonse ziwiri, mpeni ndi dzuwa, ndiye aliyense wofuna malangizo afole pamzere. Pa ubatizo wa mwana woyamba wa Loveness ndiwo anavina kuposa aliyense, chipewa chili m'manja, khutu lawo latheka lili poyera.

Tsiku lopuma ntchito

Anandikonzera phwando Lachinayi, pansi pa mtengo womwe uja. Panali mpunga, nkhuku, ndi keke yaikulu imene Loveness anaitanitsa. Dokotala Marufu analankhula mpaka ine kuchita manyazi, ndipo anandionetsa kwa namwino wachitsikana amene ndinamuphunzitsa, kuti ndiye atenge kiyi wa firiji. Ndinkangoyang'ana kuchipata, chifukwa achimwene sankaoneka, ndipo zinayamba kundiwawa. Ndinali nditangogwira mpeni wa keke pamene ndinamva mawu awo kuchokera patali, akukalipira munthu. Analowa atagwira pamkono bambo wina wachialubino, wamanyazi, nsapato zili mbuu ndi fumbi, thaulo atatseka nalo pakamwa.

"Pepani mochedwa," anatero achimwene akupuma mwabefu. "Uyu ndamupeza pokwerera makombi, wachokera ku Sanyati. Amati akupita kwa mneneri. Ndamuonetsa khutu langali, ndamuuza kuti kuno kuli mneneri wamkazi woopsa, wosamva kupempha. Mlongo, usanavule yunifolomu, tamuone. Ndi wa dzuwa kapena wa mpeni?"

Anthu onse anacheuka. Ndinapatsa Loveness mpeni wa keke, ndinasamba m'manja pa mpopi, n'kumukhazika bamboyo pa benchi. Anachotsa thaulo. Ndinayang'ana mlomo wam'munsi, ndinaugwira, ndinautembenuza, Dokotala nayenso anawerama n'kugwira. Panali pokhakhala chabe, pofewa, popanda chotupa pansi. Tinayang'anizana, ndipo Dokotala anagwedeza mutu kuti ndinene ine.

"Bambo, mwafika nthawi yabwino," ndinatero. "Inu ndi wa dzuwa."

Bamboyo sanamvetse, anangoyang'ana uku ndi uku. Achimwene anamumenya paphewa, anamukankhira mbale ya mpunga m'manja n'kunena, "Idya, mnzanga. Milomo yako yonse iwiri ubwerera nayo kwanu."